Lance Armstrong ndi buku lake la khansa ndi njinga: mafunso ndi mayankho

Pali anthu amene mpaka lero amasunga buku la Lance Armstrong, yemwe anali katswiri wa mpikisano wa njinga wa ku America, mosamala chifukwa linawalimbitsa mtima ali pa bedi la chipatala. Palinso ena amene analitaya kudzala mu 2013 atamva mwini wake akuvomera kuti ankanama, kuti ankapambana mipikisano ndi mankhwala oletsedwa. Onsewa ali ndi zifukwa zomveka, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka nkhani ya bukuli ikangoyamba.

Kodi tikunena buku liti?

Dzina lake ndi It's Not About the Bike, ndipo linatuluka ku America mu 2000. Mutuwo ukunena kuti nkhani yake si ya njinga ayi, ndi ya moyo. Armstrong ndiye ankasimba, koma amene anayala mawuwo papepala ndi mtolankhani wa zamasewero Sally Jenkins. Linagulidwa ngati zitumbuwa, linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri, ndipo chaka chomwecho linalandira mphoto ya William Hill ku Britain monga buku la zamasewero lopambana onse. Mu 2003 awiriwa anatulutsanso lina, koma silinagwire anthu mtima ngati loyambali.

Armstrong anali ndani asanadwale?

Anabadwa pa 18 Seputembala 1971 ku Texas, mayi ake ali ndi zaka 17 zokha. Bambo ake omubereka anachoka iye ali khanda, ndipo dzina loti Armstrong analitenga kwa bambo womupeza amene sankagwirizana naye n'komwe. Bukuli limawaika mayi akewo pamwamba pa munthu wina aliyense, ndipo apa palibe amene anamutsutsapo.

Ali mnyamata ankachita mpikisano wophatikiza kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga. Kenako anasankha njinga yokha. Anayamba kupalasa ngati ntchito mu 1992 ndi timu ya Motorola, ndipo pa mpikisano wake woyamba ku San Sebastián, ku Spain, anafika kumapeto kwenikweni, womaliza pa onse amene anamaliza. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 21, anakhala katswiri wa dziko lonse ku Oslo, ku Norway, mvula ikukhuthuka, anzake akuterereka pamsewu. Anali wamphamvu ngati ng'ombe yapangolo, wamakani, wosamva malangizo. Koma gwirani mfundo iyi, chifukwa tidzaifuna kutsogoloku: pa maulendo anayi amene analowa mu Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, asanadwale, anamaliza kamodzi kokha, mu 1995, ndipo anali nambala 36. Anthu ankamudziwa ngati wopambana mipikisano ya tsiku limodzi, osati ya milungu itatu ya m'mapiri.

Anazindikira bwanji kuti akudwala?

Mochedwa, ndipo mwini wake amavomera kuti anachedwa chifukwa cha liuma. Mbali imodzi ya mavalo ake inali itatupa kwa miyezi, koma wopalasa njinga amakhala pa chishalo maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku, ndiye ululu wa kumeneko ankauona ngati gawo la ntchito. Mutu ukamuwawa ankati watopa. Maso akachita chidima ankati akufunika magalasi. Ngakhale tsiku limene anatsokomola magazi m'bafa anapezabe chonamizira. Chimene chinamukokera kwa dokotala n'choti kutupako kunafika poti sakanathanso kukhala pa njinga.

Pa 2 Okutobala 1996, ali ndi zaka 25, anamuuza kuti ali ndi khansa ya mavalo ndipo yafalikira kale m'mapapo. Mawa lake anamuchita opaleshoni n'kuchotsa mbali yodwalayo. Patapita masiku anapezanso zotupa ziwiri mu ubongo. Mitu imene ikusimba masiku amenewa ndiyo yabwino koposa m'buku lonse: mnyamata wa nyumba yaikulu ndi galimoto yothamanga akuimbira mayi ake foni, akupita kukasungitsa mbewu yake chifukwa amuuza kuti mankhwala akhoza kumuchititsa kukhala wosabereka, kenako akulandira kalata yomuuza kuti alibe inshuwalansi ya chipatala popeza anali pakati posintha timu. Ku America zimenezi zimagwetsa banja lonse mu umphawi. Kampani ya magalasi ya Oakley, imene inkamulipira kuti aziitsatsira malonda, ndiyo inamulowetsa pa inshuwalansi yake.

Nanga anachira bwanji khansa itafika mpaka mu ubongo?

Apa m'pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo ngwazi yake si Armstrong. Ndi dokotala wina wa ku Indiana University mu mzinda wa Indianapolis, a Lawrence Einhorn. Mu 1974 iwo anayamba kuyesa mankhwala otchedwa cisplatin, opangidwa kuchokera ku chitsulo cha platinamu, powaphatikiza ndi ena awiri. Nthawi imeneyo isanafike, mwa amuna 10 alionse amene khansa ya mavalo inali itawafalikira m'thupi, wopulumuka ankakhala mmodzi kapena osapezeka n'komwe. Njira ya a Einhorn itakhwima, opulumuka anafika pafupifupi 8 mwa 10. Khansa zofalikira zimene zimagonja chonchi ndi zochepa kwambiri.

Armstrong anapita ku Indianapolis komweko, ndipo amene ankamuyang'anira tsiku ndi tsiku anali a Craig Nichols, mnzawo wa a Einhorn. Iwowa anachita chinthu chimene chinasunga ntchito yake. Mankhwala ozolowereka a khansa imeneyi ali ndi bleomycin, amene amatha kusiya zipsera m'mapapo. Kwa munthu wa mu ofesi chimenecho n'chopiririka, koma kwa wopalasa njinga mapapo ndiwo khasu lake. Choncho atalandira gawo loyamba la mankhwala akalewo ku Austin, kwawo ku Texas, anamusinthira ku ena ophatikiza etoposide, ifosfamide ndi cisplatin. Amenewa amazunza kwambiri pa nthawi yowalandira, kusanza kosalekeza ndi kufooka kosadzuka nako, koma mapapo sawakhudza. Zotupa za mu ubongo anazichotsa ndi opaleshoni a Scott Shapiro kumapeto kwa Okutobala, m'malo moziwotcha ndi cheza champhamvu (radiation) chimene chikanatha kumusokoneza kayendedwe.

Mankhwala omaliza analandira pa 13 Disembala 1996. Mu Febuluwale 1997 anamuuza kuti khansa sikuonekanso.

Kodi si khama lake limene linamupulumutsa?

Anthu ambiri anatseka bukuli akuganiza choncho, ndipo ine ndimaona kuti kumeneku ndiko kuwononga kwake kwakukulu, mwina kuposa bodza la njinga. Timati kanthu n'khama, inde, koma selo la khansa silidziwa kuti mwini thupi ndi wakhama kapena waulesi. Armstrong anapulumuka chifukwa anadwala mtundu wa khansa umene umamva mankhwala, anadwala patatha zaka zoposa 20 cisplatin atayamba kugwiritsidwa ntchito, anali wachinyamata wa thupi lolimba lotha kupirira mankhwala aukali, ndipo anali ndi dzina lomufikitsa kwa madokotala odziwa bwino matendawo pa dziko lonse. Kunena chilungamo, bukuli limavomera pena kuti mwayi unalipo waukulu, ndiponso kuti anthu abwino ndi olimba mtima amafa ndi khansa tsiku lililonse. Koma chithunzi chimene chinatsala m'mitu ya anthu ndi cha munthu wogonjetsa matenda ndi mtima wokha.

Vuto la chithunzi chimenechi mumaliona pamaliro. Ngati wopulumuka anapulumuka chifukwa anamenya nkhondo, ndiye kuti womwalirayo anagonja, sanalimbe? Amayi amene amafika ku chipatala khansa ya khomo la chiberekero itapita kale patali salephera chifukwa chosowa khama. Amasowa kuyezedwa msanga, ndalama ya basi ndi mankhwala.

Chimene khama linamuthandiza n'chakuti sanangokhala phee. Ankawerenga za matenda ake, ankafunsa tanthauzo la nambala iliyonse ya zotsatira za magazi, ndipo atapanda kukhutira ndi dokotala wina ku Houston anakafunsa kwina. Chimenecho wodwala aliyense angatengereko.

Anabwerera bwanji ku mpikisano?

Mopunduka, poyamba. Timu ya ku France ya Cofidis, imene anali atangosaina nayo, inasiyana naye, ndipo m'bukuli amaisimba nkhaniyi ndi mkwiyo woonekeratu. Matimu akuluakulu a ku Ulaya sanamufune. Amene anamutenga ndi timu ya US Postal Service, yothandizidwa ndi bungwe la mtengatenga wa makalata ku America, pa malipiro ochepa poyerekeza ndi akale.

Mu Malichi 1998, pa mpikisano wa Paris–Nice, kunja kukuzizira ndipo mvula ikugwa, anangopatukira m'mbali mwa msewu n'kutsika njinga. Anabwerera ku Texas n'kumakhalira kusewera gofu, kumwa mowa ndi kudya zimene ankaletsedwa. Gawo limeneli n'lofunika, chifukwa likunena chinthu chimene ochira ambiri amachidziwa koma sachitchula: mankhwala akatha ndipo abale asiya kubwera kudzazonda, munthu amatsala yekha ndi mantha oti matenda abweranso, osadziwa kuti moyo wopatsidwa kachiwiriwu auchite chiyani. Anzake anamutengera ku mapiri a ku Boone, ku North Carolina, ndipo akuti pokwera phiri la Beech Mountain m'pamene mtima wa mpikisano unamubwerera. Chaka chisanathe anakhala nambala 4 pa Vuelta a España, mpikisano waukulu wa ku Spain. Mu 1999 anapambana Tour de France, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho mwana wake woyamba anabadwa pogwiritsa ntchito mbewu imene anasungitsa ija. Bukuli limathera pamenepo, pokoma.

Tour de France ndi mpikisano wotani kuti nkhaniyi ikule chonchi?

Umachitika mu Julayi kwa milungu itatu, m'zigawo 21, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3,500. Ndi ngati kudutsa Malawi kuchokera kumpoto mpaka kumwera kanayi, koma mothamanga, ndipo mbali ina mukukwera mapiri a Alps ndi Pyrenees. Wotsogola pa nthawi yonse akaiphatikiza amavala malaya achikasu. Munthu sapambana yekha: anzake a m'timu amamutchingira mphepo, amamutengera madzi ndipo amadzitopetsa dala kuti iye afike pa phiri lomaliza ali ndi mphamvu. Armstrong anafika ku Paris atavala malaya achikasu zaka 7 zotsatizana, kuyambira 1999 mpaka 2005. Palibe amene anachitapo zimenezi.

Ndiye bodza lili pati m'bukuli?

Khansa inali yeniyeni. Opaleshoni, kusanza, kuthothoka tsitsi, zonsezo zinachitika. Bodza likuyamba pamene akufotokoza mmene munthu wa nambala 36 uja anasandukira mfumu ya mapiri. Bukuli likuti matenda anamuchepetsa thupi n'kukhala wopepuka, kuti anaphunzira kupalasa mofulumira pa giya yofewa, kuti ankakayendera mapiri onse a mpikisano pasadakhale pomwe anzake ali mtulo, ndiponso kuti amene wapirira mankhwala a khansa saopa ululu wa phiri. Zina mwa izi n'zoona ndithu. Zimene sakunena n'zakuti ankadzibaya EPO, ankagwiritsa ntchito testosterone ndi cortisone, onsewa mankhwala oletsedwa m'masewero, ndipo zaka zotsatira ankachotsa magazi ake n'kuwasunga mufiriji kuti adzawabwezere m'thupi mpikisano uli mkati.

Sikuti anangokhala chete. M'bukuli muli ndime zimene akudzudzula atolankhani a ku France amene ankamukayikira mu 1999. Chaka chimenecho mkodzo wake unapezeka ndi cortisone, ndipo iye anati ndi mafuta odzola pa zilonda za chishalo amene dokotala anamulembera. Kalata ya dokotalayo inalembedwa pambuyo, n'kuikapo tsiku lakale. Ndipo mfundo imene ankaibwereza kwa zaka zambiri inali yakuti munthu amene wayang'anizana ndi imfa sangaikenso mankhwala oopsa m'thupi mwake. Apa m'pamene pamandiwawa ine. Anatenga chinthu choona ndi chopatulika, matenda ake, n'kuchisandutsa chishango cha bodza. Womukayikira aliyense ankaoneka ngati akunyoza odwala khansa onse.

EPO ndi chiyani?

Ndi chinthu chimene impso zathu zimapanga chokha, chouza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira a magazi. Maselo amenewa ndiwo amanyamula mpweya kupita ku minofu. EPO wopangidwa m'fakitale ndi mankhwala abwino kwa odwala impso ndi odwala khansa amene magazi awachepera, ndipo Armstrong yemwe analandira EPO movomerezeka ali m'chipatala. Koma munthu wathanzi akadzibaya, magazi amanyamula mpweya wochuluka, ndipo pa phiri lalitali amasiya anzake ngati aima. Kuopsa kwake n'kwakuti magazi amakhuthala ngati phala, mtima n'kumavutika kuwapopa.

M'zaka za m'ma 1990 panalibe njira yomupezera mu mkodzo. Bungwe loyendetsa masewero a njinga la UCI linangoika lamulo mu 1997 loti maselo ofiira asapitirire theka la magazi onse, ndipo opalasa anaphunzira kukhala pansi pang'ono pa mzerewo. Njira yoyezera EPO itayamba kugwira ntchito cha mu 2000 ndi 2001, anthu anabwerera ku njira yakale yobwezera magazi awoawo.

Zaka zonsezo panalibe amene ankadziwa?

Ankadziwa ambiri, ndipo amene anatsegula pakamwa anaona zakuda. Christophe Bassons, mnyamata wa ku France amene ankakana mankhwala, analemba m'nyuzipepala pa Tour de France ya 1999 kuti kugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa sikunathe. Armstrong anamuuza pamaso kuti ngati sakukondwa achoke, anzake anamusala, ndipo anasiya mpikisano uli mkati. Emma O'Reilly, amene ankasisita minofu ya osewera a timu ya Armstrong, ataulula zimene anaona anatukwanidwa poyera ndi kuopsezedwa ndi milandu. Betsy Andreu, mkazi wa mnzake wa Armstrong wa m'timu, analumbira kuti mu Okutobala 1996, m'chipinda cha chipatala ku Indianapolis, anamva Armstrong akutchulira madokotala mankhwala oletsedwa amene anagwiritsapo ntchito. Anamutcha wamisala ndi wansanje kwa zaka zambiri. Mtolankhani David Walsh anamulondola kwa zaka zoposa 10, ndipo nyuzipepala yake ya Sunday Times inamulipira Armstrong ndalama atawasumira. Ngakhale Greg LeMond, Mmereka amene anapambana Tour de France katatu, bizinesi yake ya njinga inasokonekera atadandaula kuti Armstrong akugwira ntchito ndi dokotala wokayikitsa wa ku Italy, Michele Ferrari.

Ena amati aliyense nthawi imeneyo ankaba, ndiye chavuta n'chiyani. N'zoona kuti ambiri ankaba. Koma si onse amene ankaphwanya anzawo onena zoona.

Zinaululika bwanji?

Pang'onopang'ono, ngati denga lodontha. Mu Ogasiti 2005 nyuzipepala ya L'Équipe inalemba kuti mkodzo wake wa 1999, umene unasungidwa, utayezedwanso unapezeka ndi EPO. Anakana ndipo zinapita. Akanakhala kuti anapumiratu mu 2005, mwina bwenzi akadali ngwazi, koma anabwereranso mu 2009 n'kukhala nambala 3. Mu 2010 Floyd Landis, mnzake wakale amene analandidwa chipambano cha Tour de France ya 2006, anaulula zonse. Tyler Hamilton anatsatira mu 2011. Bungwe la USADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero ku America, linatulutsa umboni wa masamba oposa 1,000 mu Okutobala 2012, ndipo mwa mboni zake munali anzake 11 a m'timu, kuphatikizapo George Hincapie amene anali naye pa zipambano zonse 7.

Anamuletsa mpikisano moyo wake wonse ndi kumufufutira zotsatira zonse kuyambira pa 1 Ogasiti 1998. M'mabuku a Tour de France, zaka za 1999 mpaka 2005 zilibe wopambana, chifukwa ambiri mwa omutsatira nawonso anali ndi milandu yomweyo. Mendulo imene anapata pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000 anaibweza. Mu Januwale 2013 anakhala pamaso pa Oprah Winfrey, wofunsa mafunso wotchuka pa TV ku America, n'kuyankha kuti inde pa funso lililonse: EPO, magazi, testosterone, zipambano zonse 7. Za m'chipinda cha chipatala zija anakana kuyankha. Mu 2018 analipira boma la America madola 5 miliyoni kuti mlandu wa ndalama za US Postal Service uthe.

Kodi mankhwala oletsedwawo ndi amene anayambitsa khansa yake?

Palibe umboni wa zimenezo. Khansa ya mavalo imagwira kwambiri anyamata ndi abambo a zaka zapakati pa 15 ndi 40, ndipo ochuluka mwa iwo sanabayepo kalikonse. Chodziwika bwino chimene chimawonjezera chiopsezo ndi kubadwa mavalo asanatsike bwino, komanso ngati bambo kapena mchimwene wanu anadwalapo.

Nanga zibangili zachikasu zija?

Armstrong anayambitsa bungwe lothandiza odwala khansa mu 1997, asanapambane Tour iliyonse. Mu 2004 bungwelo ndi kampani ya Nike anatulutsa zibangili za labala zolembedwa kuti Livestrong, chimodzi dola imodzi, ndipo zinagulidwa zoposa 80 miliyoni. Ntchito yake yaikulu inali kuthandiza odwala ndi ochira kupeza uphungu ndi njira za chithandizo. Kumapeto kwa 2012 iye anachoka, dzina lake linachotsedwa, ndipo zopereka zinatsika kwambiri. Anthu amene anathandizidwa anathandizidwadi. Zimenezo USADA singazifufute.

Ndiye bukuli n'loyenerabe kuliwerenga?

Owerenga ena ku California anapita kukhoti mu 2013 kufuna kuti awabwezere ndalama zawo, ponena kuti anagulitsidwa nthano m'dzina la mbiri yoona. Woweruza sanagwirizane nawo. Ine ndinganene kuti liwerengeni, koma ndi maso awiri. Theka loyamba, la matenda, likadali limodzi mwa malo ochepa pamene mwamuna amalankhula mosabisa za mavalo ake, za kuopa kufa ndi za kulira pamaso pa mayi ake. Likusonyezanso ulemu waukulu kwa anamwino, amene m'mabuku otere amaiwalika. Theka lachiwiri liwerengeni ngati mmene mumamvera umboni wa munthu amene mukudziwa kale kuti anapezeka wolakwa: muzichita chidwi ndi luso la kanenedwe kake ndi malo amene akulumpha.

Ngati mukufuna kumupatsa wodwala, ganizirani kaye. Ena limawadzutsa. Ena limawalemetsa, chifukwa iwo akulephera ngakhale kufika kuchimbudzi pomwe wa m'bukuyo akukwera Alps.

Ndikaona kutupa kumeneko ndichite chiyani?

Musachite za Armstrong zodikira miyezi. Chizindikiro chofala ndi kachotupa kolimba kapena kukula kwa mbali imodzi, nthawi zambiri kosapweteka, kapena kumva kulemera. Kusapwetekako ndiko kumapusitsa anthu. Kuno kwathu kutupa kwa kumeneko kawirikawiri kumakhala phudzi kapena matenda ena ochizika, koma ndi dzanja lokha simungasiyanitse. Pamafunika dokotala ndi sikani. Yambani ku chipatala chapafupi, ndipo ngati pakufunika adzakutumizani ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Ikapezeka isanafalikire, pafupifupi onse amachira, ndipo mbali imodzi yotsalayo imakwanira kuti mwamuna akhalebe mwamuna m'nyumba ndi kubereka. Ululu woopsa wobwera mwadzidzidzi ndi nkhani ina, yofunika kuthamangira ku chipatala tsiku lomwelo.

Alipo ena amene anabwerera ku masewero atachira khansa yomweyi?

Alipo, ndipo mmodzi wa iwo okonda mpira akumudziwa bwino. Sébastien Haller anapezeka ndi khansa ya mavalo mu Julayi 2022, atangosaina ndi Borussia Dortmund, asanasewere ngakhale gemu imodzi ya ligi. Anachitidwa maopaleshoni awiri, analandira mankhwala, ndipo anabwerera m'bwalo mu Januwale 2023. Mu Febuluwale 2024, ku Abidjan, ndiye anamwetsa chigoli chachiwiri pamene Côte d'Ivoire inagonjetsa Nigeria 2–1 mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa.